Kachidutswa ka Chitenge cha Mkwatibwi

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi anali mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga aakulu, amene amagulitsa repu ndi tomato pafupi ndi pompi yomwe timatungapo madzi kuno ku Mtendere. Linali Lachiwiri m'mawa, ana atapita kale kusukulu. Ndinali nditatulutsa makina anga pakhonde, ndikulowetsa ulusi pa nyeleti. Anafika chimanjamanja, katundu wawo atamusiyira mnzawo, ndipo sanadikire kuti ndiwapatse mpando.

"Mulamu, siyani nyeleti iyo. Mwamvela vamene bantu bakamba pa pompi?"

Ndinati sindinamve kanthu.

"Bakamba ati ndimwe munamanga mimba ya mwana wa bene. Uja munasokela va kicheni pate. Ati nsalu yake munaisunga, mwaimwaza mu tauni monse."

Ndinaseka, poti mlamu wangayo ndi munthu wanthabwala. Tsiku silitha osandinena kuti ndimasokera anthu madiresi okongola pomwe ine ndimavala ngati wopita kumunda. Koma tsikulo iwo sanaseke.

"Sekani chabe. Muzaona ngati pazabwela muntu na nsalu pano sabata ino."

Ndiyambe ndafotokoza za ntchito yanga, kuti amene simundidziwa mumvetse. Ndinabadwira ku Katete, sukulu ndinalekezera giredi seveni. Ku Lusaka ndinabwera nditakwatiwa. Abambo a kunyumba kwathu ndi omanga nyumba, ntchito yawo imapezeka mwezi uno, mwezi wamawa kulibe. Kusoka ndinaphunzirira kutchalitchi, m'kachipinda komwe amayi timakumana Lachinayi, ndipo makina amene ndili nawo ndi akale, opalasa ndi mwendo. Ndimayamika Mulungu chifukwa cha makina amenewa, pakuti malaiti akapita anzanga a makina amagetsi amangokhala manja ali m'khosi, ine ndikupalasabe. Ndinayamba ndi zigamba, kenako mayunifomu a ana asukulu, kenako madiresi a zitenge. Ana anga anayi akula ndi phokoso la makinawo.

Telala aliyense ali ndi thumba pansi pa tebulo, momwe amaponyamo zidutswa zotsala. Eni nsalu kawirikawiri safunsa za izo. Ena amayatsira mbaula, ena amaika m'mapilo. Ine tsiku lina chikwama changa chonyamulira Baibulo chitang'ambika, ndinakhuthula thumba lija pamphasa, n'kuyamba kulumikiza tizidutswa. M'kati ndinaikamo jinzi yakale ya ku salaula, kogulitsa zovala zovalidwa kale, kuti chilimbe, pamwamba zipi. Sindinaganize zoti n'chinthu chogulitsa. Nditapita nacho kuchipatala ndi mwana wanga wotsiriza, namwino wina anandiimika kufunsa komwe ndinagula. Ndinati ndasoka ndekha. Anati ndimusokere chake.

Zinayamba choncho. Anamwino anauzana, aphunzitsi anauzana, kenako atsikana ogwira ntchito kumayadi anayamba kubwera atatumidwa ndi madamu awo. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ankajambula zikwamazo ndi foni n'kumatumizira anthu, ndipo Loweruka lina ankapita nazo kumsika wa zosemasema komwe kumabwera alendo. Pang'ono ndi pang'ono diso langa linaphunzira. Ndinaona kuti chikwama chimakongola ngati pakati pali chidutswa chimodzi chowala, kuzungulira kuli zofatsa. Ukaika zowala zokhazokha zimakangana. Zimenezi palibe anandiphunzitsa, ndinangoziona pochita.

Tsono za mtsikana uja. Ndi mwana wa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, banja lochokera ku Kasama. Amayi ake amagulitsa kapenta ndi nsomba zouma m'tauni. Mtsikanayo atapeza mwamuna, anandipatsa ine ntchito yosoka diresi la kicheni pate, phwando lija la amayi okhaokha lomwe amachitira mtsikana asanalowe m'banja. Chitenge chake chinachokera kumalire a ku Congo, anabwera nacho azakhali ake. Chinali chobiriwira kwambiri, chili ndi mbalame zachikasu zotambasula mapiko. M'masitolo a ku Kamwala ndayendamo zaka zambiri, koma chotero sindinachionepo.

Mwambo wake ndimaudziwa. Mkwatibwi amalowa paphwandopo atamufunditsa nsalu mutu wonse, ng'oma zikulira, ndipo chovala chake sichiyenera kuonedwa ndi munthu mpaka atamuvundukula. Choncho makina ndinawalowetsa m'nyumba, ndinasoka nditatseka chitseko, ngakhale mlamu wanga ndinamukaniza kusuzumira. Pamenepo ndinachita bwino. Amayi ake anabwera kudzatenga diresi ndi duku ali pa liwiro, anayamika, n'kumapita. Zotsala sanafunse. Ine ndinaziponya m'thumba lija.

Sindinganame kuti sindinkadziwa. Kwathu kumudzi amayi anga sankalola kuti tsitsi la mwana wakhanda kapena nsanza ya mkwatibwi zigone panja. Ankatola n'kukakwirira okha. Koma munthu ukakhala zaka zambiri pamakina, nsalu imangokhala nsalu. Patapita miyezi, ndikufunafuna chowala choika pakati, ndinapeza mbalame zitatu zathunthu m'zidutswa zija. Ndinazidula bwinobwino, iliyonse ndinaika pachikwama chake. Zinatuluka zokongola kuposa zonse zomwe ndinasokapo, ndipo sizinakhalitse.

Mtsikana uja anatenga pathupi, anapita padera. Anatenganso kachiwiri, anapitanso padera. Ulendo wachiwiriwu amayi ake ali panja pa chipatala, anaona namwino akuweruka, paphewa pali chikwama, pakati pake mbalame yachikasu. Anamufunsa komwe anagula. Namwinoyo, poganiza kuti akundipezera kasitomala, anayankha mokondwa kuti ndi kwa atelala a ku Mtendere, kufupi ndi tchalitchi. Ndi nkhani imeneyi yomwe inafika pa pompi.

Mlamu ananena zoona. Sabata yonseyo sipanabwere munthu ndi nsalu. Amene anabwera ndi mayi wina kudzatenga chitenge chake chomwe ndinali ndisanadule, akuti wasintha maganizo. Lachinayi kumapemphero, benchi lomwe ndimakhala linali ndi malo ambiri mbali zonse ziwiri. Palibe anandinyoza. Anangosendera.

Abambo a kunyumba anakwiya. Anati tipite kwa atcheyamani a dera, munthu sangamangotchedwa mfiti iye n'kukhala chete. Ndinawapempha kuti andipatse masiku. Ndinapemphera, ndipo m'mene ndinkapemphera zinthu ziwiri zinaima pamaso panga. Choyamba, ine sindikhulupirira kuti kansalu kangatseke mimba ya munthu. Wopereka ana ndi Mulungu. Chachiwiri, nsalu ija sinali yanga, ndipo sindinapemphe. Ndikanapita kwa atcheyamani ndi choyambacho, mwina ndikanapambana mlandu, koma chachiwiri chikanatsalabe.

Kunyumba ya munthu wokwiya supita wekha. Ndinatenga mlamu kuti akhale mboni. Tinafika masana, tinapeza amayi aja akusankha kapenta m'lichero. Mipando inalipo koma ife tinakhala pansi, n'kuomba m'manja.

"Mwachoma bwanji, mukwai?" ndinatero.

"Tachoma." Sanadzutse mutu.

Ndinafotokoza zonse monga zinachitikira, za thumba, za zikwama. Ndinati ndinalakwa posapempha, koma mumtima mwanga munalibe choipa chilichonse pa mwana wawo.

"Ba tela, ine sinikonda kukamba maningi," anatero. "Vamene vili mu mutima wanu, niviona bwanji? Chamene naona ni nsalu ya mwana wanga pa phewa ya muntu wamene sinimuziba. Muli na bana bakazi imwe?"

"Nili nabo babili."

"Manje ngati ni wanu?"

Anafunsa kuti zidutswazo zinali zingati, ndinati zitatu.

"Nifuna vonse vitatu mu manja mwanga. Vikabwela, ine neka nizayenda pa pompi kukamba ati ba tela babweza. Ngati sivibwela, musanipatse moni."

Choyamba sichinavute. Ndinakadikira namwino wa chikwama cha mbalame uja pageti la chipatala mpaka ataweruka. Nditamuuza, anayamba waseka. Kenako anapempha pulasitiki kwa mayi wogulitsa nthochi, n'kukhuthuliramo zonse za m'chikwama chake, makiyi, foni, mafuta odzola.

"Ba tela, ine naphunzila va mankhwala, ivi sinivikhulupilila. Koma ba mayi baja ninabaona mwamene banalilila. Tengani. Muzanisokela china, koma muikepo chinthu chamene chilibe mwine wake."

Chachiwiri chinali ndi mphunzitsi wa kusukulu ya ana anga. Uyu anavuta. Anati chikwamacho chimagwirizana ndi nsapato zake, ndiponso iye sangalowe m'zinthu za anthu osaphunzira. Ndinapitako katatu. Ulendo wachitatu anandiponyera pawindo la kalasi, ana akuona. Ndinatola, ndinathokoza.

Chachitatu ndiye chinasowa. Chinagulidwa kumsika wa Loweruka uja, ndipo mwana wanga anangokumbukira kuti wogulayo anali mayi wamtali, wa magalasi, wolankhula Chingelezi cha kwina. Tinapitako tonse awiri, tinafunsa ogulitsa mikanda ndi madengu oyandikana nafe. Wina anati anamuona akukwera basi ya alendo. Basi, nkhani inathera pamenepo. Ndinayendanso m'masitolo a nsalu, osadziwa bwino chomwe ndikufuna. Chitenge chotero munalibe.

Tsiku lokabweza, ndinakhala pakhonde ndi lezala, ndikumasula misoko mosamala kuti mbalame ziwiri zija zituluke zosang'ambika. Mlamu anakhala pambali akundiyang'ana. Kenako anatenga imodzi, anaitembenuza.

"Mulamu, imwe ndimwe ba tela olo ndine? Munakamba ati vidutswa vitatu, simunakambe ati nyoni zitatu. Iyi ikulu iduleni pakati. Chimozi, vibili, vitatu. Bazabwela na tepi kupima?"

"Ni boza, mulamu."

"Boza yamene izadyesa bana banu. Na ba mayi baja bazagona bwino. Nanga zoona zanu zizathandiza ndani? Imwe kupemphela maningi kwakuonongani mutu."

Sindibisa, sizasi ndinaitenga. Ndinaiika pakati pa mbalameyo, pamene mapiko amakumana. Nzeru ya mlamu sinali yopusa, ndipo ankandifunira zabwino. Koma ndinaganiza za mayi uja ataima pa pompi, akuuza anthu kuti ndabweza zonse, akuyeretsa dzina langa ndi pakamwa pake pomwe ine ndikudziwa kuti ndamunamiza. Ndinaganizanso kuti mwana wakeyo akadzavutikanso, adzayamba kuyang'ana munthu wina woti amuloze chala, poti za ine adzakhala atatsimikiza kuti zinatha. Ndinabweza sizasi m'kabati. Mlamu anapukusa mutu, komabe anamanga chitenge chake n'kundiperekeza.

Tinakhalanso pansi monga poyamba. Ndinapereka ndi manja awiri.

"Ni vibili, mukwai. Chachitatu nasakila, chinayenda na mulendo. Sinizakunamizani."

Anaziyala pabondo pawo, akuziwongola ndi chikhatho, nthawi yaitali. Pakhomo panali katani, ndipo pansi pake ndinaona mapazi a mtsikana uja ataima m'kati.

"Ndiye kuti mwana wanga ali mu ndeke, olo ali ku chalo chamene sitiziba," anatero amayiwo. Mawu awo sanali okalipa. "Yendani, ba tela."

Pa pompi sanapiteko. Lachinayi lotsatira ndinapempha amayi abusa kuti andilole kulankhula. Ndinaimirira, ndinanena zomwe ndinachita, zomwe ndinabweza, ndi zomwe ndinalephera. Mayi wina wachikulire anafuula ali kumbuyo kuti, "Nanga vathu vili pa phewa ya ndani?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma funsolo linali loona. Ndinati aliyense amene akufuna abwere adzakhuthule yekha thumba langa. Anabwera asanu. Awiri anatenga zawo, atatu anangosanthula n'kunena kuti ndipitirize, bola ndiziwauza.

Chaka chimenecho sindinasoke diresi la kicheni pate ngakhale limodzi. Tinadya za mayunifomu ndi zigamba. Zikwama ndinaleka kwa miyezi ingapo, mpaka nditapeza njira ina. Ku Kamwala kuli matelala osokera masitolo, amene amadula nsalu yambiri nthawi imodzi, nsalu yoti sinakhalepo ya munthu. Ndinagwirizana ndi mmodzi kuti azindisungira zotsala zake. Zikwama zonse zomwe ndimasoka tsopano zimachokera kumeneko. Mitundu yake si yowala ngati ya akwatibwi, koma ndaphunzira kuikongoletsa ndi msoko wa ulusi wokhuthala.

Pakhonde panga masiku ano pamabwera atsikana ofuna kuphunzira, ena osoka, ena oluka, wina wopanga ndolo za nsalu. Amafuna ndiwauze za mitengo ndi za kujambula katundu pafoni. Zimenezo mwana wanga amazidziwa kuposa ine. Zomwe ine ndimawaonetsa ndi mapulasitiki apansi pa tebulo. Nsalu ya munthu aliyense imakhala m'pulasitiki yakeyake. Ndisanadule ndimafunsa kuti, "Vosala muzatenga olo munisiyila?" Akati atenga, ndimakulunga zonse, ngakhale kakang'ono ngati chikhadabo, n'kuika m'thumba la diresi lawo. Za mkwatibwi, za mayi wapakati, za mwana wakhanda ndi za pamaliro sindisunga, ngakhale mwini wake atandikakamiza. Mtsikana wina anandifunsa ngati ndiye kuti ndimakhulupirira zamatsenga. Ndinamuuza kuti ayi, koma amene wandibweretsera nsalu yake sanabwere kuti ndimuphunzitse zoti akhulupirire. Wabwera kuti avale mtima uli m'malo.

Ndimawauzanso kuti asaope kuyesa chinthu chatsopano. Ine ndikanapanda kukhuthula thumba lija pamphasa, bwenzi ndikadali pa zigamba. Luso Mulungu amapereka ngakhale kwa ife a giredi seveni. Kungoti ife timagulitsa kwa anthu omwe timatunga nawo madzi, timaimba nawo kwaya, timalira nawo maliro. Sitolo ya m'tauni ikalakwira munthu, mawa kumabwera wina wosadziwa kanthu. Kuno ku komboni amene wamulakwira ndi yemweyo udzakhale naye benchi limodzi Lamulungu.

Mvula itatha, tsiku lina masana, ndinamva odi wapansipansi. Anali mtsikana uja, yekha, atanyamula pulasitiki yakuda. Anali ataonda. Anatulutsa diresi lija, lobiriwira, mbalame zake zili zowala ngati kale.

"Ba tela, yanikulila. Kuli ukwati wa mufana wa bamuna banga, nifuna kuivala."

Ndinamufunsa ngati amayi ake akudziwa kuti wabwera kwa ine.

"Sibaziba. Koma ndimwe munaisoka, ndimwe muziba mwamene inayendela. Benangu bangaiononge." Anakhala pampando wa makasitomala, n'kuonjeza kuti, "Nizayembekeza pamene pano."

Ndinamvetsa kuti sakufuna kuisiya nsalu yake yokha m'manja mwanga. Ndinamuyeza m'chiuno ndi pachifuwa, ndinalemba ndi choko. Pochepetsa diresi, telala amasoka msoko watsopano kenako n'kudula nsalu yotsala m'kati kuti isatukumuke. Ine sizasi sindinaikhudze. Ndinapinda zotsalazo mbali zonse ziwiri, ndinazigoneka ndi nsimbi, n'kuzigwira ndi ulusi wapatalipatali. Iye ankayang'ana manja anga nthawi yonseyo. Timaulusi tomwe tinagwa pomasula msoko wakale anawerama n'kutola yekha. Ndinatsika pampando, tinatolera limodzi, ndinamuikira m'dzanja.

Atavala, linamukhala bwino. Anapapasa m'mbali, anamva kukhuthala.

"Simunadule?"

"Sininadule. Nasiya malo. Siku izakuchepela, ubwele nizamasule."

Anandiyang'ana. Anapinda diresi lake, anathokoza, n'kumapita.

Pamene ndikulemba izi, sanabwerenso. Ndimamuona kutchalitchi atakhala ndi mwamuna wake kumbali ya kwaya, manja ake akadali opanda mwana. Amayi ake sanayambebe kundipatsa moni, ndipo sindiwaimba mlandu. Ntchito yanga inabwerera, ngakhale si yonse, ana akudya, ndikuthokoza. Chimene ndikupempha kwa inu amene mwawerenga mpaka apa si cha ine ayi. Mukamagwada kunyumba kwanu, muzilikumbukira banja limenelo, mtsikanayo, mwamuna wake ndi amayi ake. Maina sindinalembe, koma amene mukumuuzayo akuwadziwa.